Phokoso la Amalume Verner

Amalume anga a Verner ndi amene anatseketsa bwalo la mpikisano wa magalimoto la ku Skarlund. Aliyense kwathu amadziwa zimenezi, ndipo iwo sakana. Chimene anthu sankayembekezera n'chakuti pa tsiku lomaliza la bwalolo, munthu yemweyo adzatulukira pageti ndi galimoto yakeyake, chipewa cholimba chili pamiyendo, n'kunena kuti nayenso akufuna kuthamanga.

Ine ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku Napoli, kumene ndinakhala zaka zingapo ndikugwira ntchito mu ofesi ya padoko. Ndinabwerera kudera lakwathu la Jutland ndilibe nyumba, ndilibenso maganizo enieni a chochita, choncho ndinkagona m'kachipinda kapamwamba kwa amalume ndi akazi awo, azakhali a Solvej. Bata la kumeneko linkandidwalitsa. Ku Napoli munthu amaliza hutala popereka moni, potukwana, kapena pongofuna kumva ngati hutalayo ikadali moyo. Ku Skarlund ukamenyetsa chitseko, m'mawa mwake wogulitsa buledi amakufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Amalume ankanditcha Mtaliyana, ndipo sikuti ankandiyamikira.

Moyo wawo wonse anagwira ntchito ku fakitale ya tchizi, kukonza makina. Ndi aatali, owonda, a makutu akuluakulu otambasuka. M'thumba la m'mbali mwa thalauza lawo mumakhala rula yamtengo yopinda, ndipo amapita nayo kulikonse, ku tchalitchi ngakhalenso kumaliro. Amayeza udzu asanautchetche, akamaliza amauyezanso. Amayeza mtunda wa pakati pa mbatata ndi mbatata inzake. Ndili mwana anandiyezapo chidutswa cha keke chifukwa ndinadandaula kuti cha mchimwene wanga chinali chachikulu. Anapeza kuti chinalidi chachikulu, ndipo anadya okha mbali yopitirirayo.

Nyumba yawo ili kumapeto kwa mudzi, ndipo kuseri kwa mpanda wawo wa zitsamba n'kumene kuli kona yakutali ya bwalolo. Atangokwatirana, azakhali anali namwino wogwira ntchito usiku, wogona masana. Loweruka ndi Lamlungu magalimoto akayamba kubangula, makapu ankavina pashelefu. Amalume anapita kwa akuluakulu a kalabu ya magalimoto kukapempha mwaulemu. Akuluakuluwo anawapatsa khofi, anawamvetsera mpaka kumapeto, ndipo palibe chinasintha. Ndiye anagula kamakina koyezera phokoso, anasonkhanitsa anthu oyandikana nawo n'kupanga komiti, ndipo anayamba kupezeka pa msonkhano uliwonse wa khonsolo, pa mpando womwewo wakutsogolo. Makhansala atatopa ndi kuona makutu amenewo, anakhazikitsa lamulo lakuti galimoto iliyonse iziyezedwa isanalowe m'bwalo, ndipo phokoso lake lisapitirire nambala 95 pa kamakina koyezera.

Munthu wina akanalekera pomwepo. Azakhali anasiya kugwira usiku, kenako anapuma pantchito, kenako makutu awo anafa moti ngakhale ndege itagwera m'dimba angafunse ngati wina wagogoda. Anzawo a m'komiti ena anamwalira, ena anasamuka. Amalume anatsala okha, ali wapampando, mlembi ndi membala, ndipo anapitiriza, chifukwa chinthu akachiyamba sadziwa pokachisiyira. Masiku othamangitsa magalimoto makhansala anawachepetsa, anawachepetsanso, mpaka khonsolo inakana kupereka chilolezo chatsopano. Mapeto a sabata a magalimoto akale, amene amachitika chaka chilichonse mu Sepitembala, ndiwo anali otsekera. Pambuyo pake malowo adzadzalapo mitengo.

Tsopano, m'galaja mwa munthu ameneyu munali galimoto. Anaigula chaka chimene ine ndinabadwa, ili m'makatoni, zidutswa zokhazokha za dzimbiri. Yachingerezi, yobiriwira, ya anthu awiri, yopanda denga, yofupika moti ukakhalamo ungathe kukhudza msewu ndi chikhatho. Anaimanga bawuti ndi bawuti, madzulo akaweruka, kwa zaka zonse zimene ankalimbana ndi bwalo lija. Itatha, ankaitulutsa Lamlungu lokha kukagula buledi ku mudzi woyandikana nawo, pa liwiro la thirakitala, moti injiniyo inali isanatsegulepo pakamwa. Ndinawafunsapo kuti zimagwirizana bwanji, munthu wokonda galimoto chotere n'kukhalanso mdani wa malo okhawo oithamangitsira. Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake nsomba sikhala m'khola. Anati zimenezo ndi nkhani ziwiri zosiyana.

Loweruka la sabata lomalizalo anaima pampanda tsiku lonse monga mwa masiku onse, kamakina m'manja, akuyeza. Lamlungu m'mawa, akupaka chiwindi chopera pa buledi wakuda, ananena mosakweza mawu kuti analembetsa kalekale kuti alowe m'gulu lomaliza la madzulo, gulu la anthu wamba othamangitsa magalimoto awoawo. Anati ine ndikwera nawo chifukwa pamafunika munthu wogwira zinthu. Kenako anakankhira kamakina kaja kwa azakhali, n'kuwalankhula mokweza, mawu amodziamodzi, kuti popeza iwo kulibe, pampanda pakufunika munthu woyeza.

Ndinaika supuni pansi. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti anthu a kumeneko akhoza kuwadya amoyo.

"Ndalembetsa m'dzina langa," anatero. "Geti ndi la aliyense."

Kunena zoona, mtima wanga unali kumbali yawo. Zaka makumi atatu akupukuta galimoto, ndipo mwayi woimva ikuthamanga unali umodzi wokhawu, madzulo amodzi. Ukawaphonya, basi, mitengo.

Pabwalo panali anthu ochuluka kuposa amene ndinawaonapo ku Skarlund. Amuna anavala zipewa ndi majekete a agogo awo, akazi madiresi a madontho ndi mipango kumutu, ena atayamba kale kupukuta m'maso. Titalowa pang'onopang'ono pakati pa magalimoto oimikidwa, macheza anazima ngati wina wathimitsa wailesi. Palibe anatukwana. Ku Napoli akanatchula amayi awo a amalume ndi agogo awo omwe, wina akanaponya phwetekere, ndipo pofika masana akanakhala akumwa vinyo limodzi. Kuno ayi. Mayi Bodil, amene amagulitsa masoseji ofiira m'tenti ya kalabu, anawathirira khofi, n'kuwapatsira, osatchula za keke, keke ili pomwepo yodulidwa kale. Ine ndinamva khofi ameneyo ngati mbama.

Woyeza phokoso anali a Preben, mnzawo wa amalume wa ku sukulu, wamfupi, wa mimba, wa ndevu zoyera. Kale ankathamangitsa magalimoto, koma kuyambira pamene lamulo lija linabwera, ntchito yawo inali kuwerama kumbuyo kwa galimoto iliyonse ndi kamakina, kupuma utsi.

"Wabwera kudzaona ngati mtembo wafadi, Verner?" anatero.

"Ndabwera kudzayezetsa galimoto."

"Ndipo wabwera ndi Mtaliyana woti akuteteze. Yatsa."

Amalume anayatsa, n'kuponda mafuta mpaka pamene lamulo limanena. Kanali koyamba kuimva injiniyo itakwezedwa chotero, ndipo inalira mpaka ndinaimva m'mano. A Preben anayang'ana kamakina, anakayang'ananso, kenako ananena mokweza kuti onse amve: 101. Kuseka kunayamba kumbuyo, pang'onopang'ono, kukuyenda pakati pa anthu ngati mphepo m'munda wa balere. Mnyamata wina wa ndevu zopota anavula chipewa n'kuchiika pamtima.

Zimene a Preben anachita pambuyo pake sindinaziyembekezere. Anatsokomola, anayang'ana kumwamba, n'kunena kuti mphepo yasokoneza, tibwereze. Pobwereza anabwerera m'mbuyo phazi limodzi lalikulu, anthu onse akuona. Anati 94, pita.

Mtima unakhala pansi. Ndinali nditayamba kumanga chipewa pamene ndinamva injini ikuzima. Amalume anamasula lamba, anatulutsa mwendo umodzi, kenako winawo, chifukwa kutuluka m'galimoto imeneyo kwa munthu wamtali kumatenga nthawi. Anazungulira kumbuyo. Dzanja linapita kuthumba la m'mbali, ndipo ndinatseka maso, chifukwa ndinadziwa phokoso lotsatira: rula ikutambasuka, the, the, the.

"Waima kutali," anatero. "Lamulo limati theka la mita kuchokera pa ekizozi. Apa pali mita yathunthu ndi kachidutswa."

"Khala m'galimoto, Verner."

"Yeza bwino."

"Lamulo lako ndimalidziwa. Mawondo angawa amalidziwa pamtima." A Preben anatsitsa mawu. "Usaganize kuti ndikukukomera mtima. Ndikufuna ulowemo uone chimene wapha. Pita."

Ndinatuluka, ndinawagwira mkono amalume, n'kuwanong'oneza kuti munthu akakupatsa mphatso umati zikomo n'kumapita. Ndinawauza kuti palibe amene avulale ndi phokoso la madzulo amodzi, kuti mawa bwaloli kulibe, lamulo kulibe, palibe adzakumbukire. Anandimvetsera mpaka kumapeto, monga mmene a kalabu anawamvetserera iwo kalelo. Kenako anati kuno si ku Napoli. Anaika nsonga ya rula pa ekizozi, n'kuwaonetsa a Preben pamene kamakina kayenera kukhala.

Inatulukanso 101. Nthawi ino palibe anaseka. Ndikuganiza kuti anthu anasowa chochita ndi munthu wotere.

Tinakankhira galimoto pambali. Amalume anakhala pa tayala lakale, akuyang'ana ekizozi ngati yawanamizira mlandu. Ine ndinkayenda uku ndi uku, ndikuwerenga m'mutu mizinda yonse imene ndikanakhalako m'malo mwa pano. Patapita kanthawi a Preben anadutsa, akuyang'ana kwina, n'kunena ngati akulankhula ndi mpanda kuti anthu ena amalowetsa sitiliwulu wotsukira mapoto mu ekizozi kuti phokoso lichepe. Anati theka la magalimoto amene amalume akhala akuyeza pampanda zaka zonsezi ankathamanga ndi sitiliwulu m'mimba.

Amalume anadzuka. Ndinaona kuti nkhaniyi yawapweteka kuposa 101 ija. Anafunsa kuti kuyambira liti, ndipo a Preben anati kuyambira sabata yoyamba. Milomo ya amalume inayamba kugwedezeka, ndipo ndinazindikira kuti akulakatula lamulo lawo mumtima, ndime ndi ndime. Pomaliza anati lamulo limanena za phokoso lotuluka, silinena za zimene zili m'kati mwa paipi. Anati akudziwa chifukwa mawuwo analemba ndi iwo. Choncho sitiliwulu ndi wololedwa.

Ndinathamangira ku tenti ya masoseji. Mayi Bodil anali ndi paketi yatsopano ya sitiliwulu patebulo, yonyezimira. Anandifunsa kuti ndi za ndani. Ndinaganiza zonama, koma galimoto yobiriwira inkaonekera pakhomo la tenti. Nditayankha, anatenga paketi ija n'kuiika pansi pa tebulo. Anawerama, anakoka ndowa imene inali pansi pa chowotchera, n'kundipatsa masitiliwulu ogwiritsa kale ntchito, akuda bii, akudontha mafuta a masoseji a masiku awiri onsewo.

"Uwauze kuti ndi aulere," anatero. "Si a aliyense, koma ndi aulere."

Ndinawalowetsa ndine, nditagwada pamiyala, ndi kamtengo, mafuta akuyenderera m'zigongono. Kuti asatuluke pamafunika kuboola paipi kumapeto n'kupingasa bawuti. A Preben anabweretsa choboolera. Amalume anaima pakati pa choboolera ndi galimoto. Anati paipiyo ndi yeniyeni, inachokera ku fakitale ku England ilibe bowo, ndipo idzafa ilibe bowo. Ndinawauza kuti ndiye sizigwira. Anati tipinde waya. Ndinathyola hang'ala ya jekete ya munthu wina, ndinaipinda, ndinaikanikizira m'kati, ndipo ndinabwerezanso kuti waya sugwira. Iwo anayeza wayawo ndi rula n'kunena kuti ndi wokwanira.

Poyeza kachitatu a Preben anatambasula dzanja, amalume anawapatsa rula, ndipo anayeza theka la mita mwa mwambo ngati wansembe akudalitsa manda. Inatuluka 93. Galimoto inkanunkha masoseji moti agalu awiri anatilondola mpaka pa mzere woyambira.

Ulendo woyamba wozungulira bwalo onse amatsatira galimoto ya kalabu, pang'onopang'ono, kuti aone njira. Titamaliza, galimoto ija inapatuka, ndipo anzathu anauluka. Ife tinatsala. Injini inali itatsamwa, ikupuma ngati munthu wa chimfine, ndipo amalume anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, msana uli chilili. Pa kona yoyamba anayatsa indiketa. M'bwalo la mpikisano, m'njira yopanda mphambano, anayatsa indiketa. Ndinayang'ana manja anga akuda ndi mafuta n'kudzifunsa ngati zaka makumi atatu za munthu zinali za zimenezi.

Tinazungulira choncho mpaka tinafikanso pa msewu wautali wowongoka, umene umadutsa kutsogolo kwa anthu oonerera. Pamenepo kagalimoto kabuluu, kozungulira ngati sopo, kanatipitirira. Woyendetsa anali mayi wachikulire wovala magolovesi oyera, ndipo potidutsa anatibayibitsa ndi zala.

Sindikudziwa chimene chinaduka mwa amalume. Ndinangoona dzanja likutsitsa giya, ndipo phazi linapita pansi mpaka kumapeto. Galimoto inanjenjemera, inabuula, ngati chinthu chikukankha chitseko kuchokera m'kati. Kenako kumbuyo kunamveka phuu. Nditatembenuka ndinaona sitiliwulu uja atasanduka mpira wa moto ukudumphadumpha pa tala, utsi wa masoseji ukuutsatira, ndipo waya wanga ukuzungulira m'mwamba.

Ndiye galimoto inalankhula. Sindinamvepo chinthu ngati chimenecho, ngakhale ku Napoli usiku wa chaka chatsopano. Silinali phokoso loti umalimva ndi makutu. Linkalowera kumpando, kukwera ndi msana, n'kukatulukira m'mano. Mutu wanga unakankhidwira kumbuyo. Mipanda, mbendera, zipewa za anthu, zonse zinasungunuka n'kukhala mzere umodzi. Ndinayang'ana amalume. Pakamwa panali yasa, maso ali gwa kutsogolo, ndipo anasintha giya mofewa, mwachangu, ngati munthu amene wakhala akuchita zimenezi m'maloto usiku uliwonse. Kagalimoto kabuluu tinakadutsa ngati kaima. Sanayatse indiketa.

Galimoto ikapitirira malire a phokoso ili m'bwalo, oyang'anira amaikwezera mbendera yakuda kuti ituluke. Limeneli nalonso ndi lamulo la amalume. Woyang'anira woyamba, mbendera ili kukhwapa, anawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato. Wachiwiri ankayang'ana mitambo mwachidwi. A Preben anali pakhoma, manja m'matumba, akuyang'ana kumene kulibe kanthu. Ndinazindikira kuti bwalo lonse, anthu onse amene anawamana keke, agwirizana osalankhulana kuti amusiye munthuyu athamange mpaka nthawi ithe. Ndinawakuwira m'khutu kuti palibe mbendera, pitirizani, musayerekeze kuima.

Tinatsikira ku kona yakutali. Ndinaona denga la nyumba yathu, mpanda wa zitsamba, ndipo pamwamba pa mpandawo panali mutu woyera wa azakhali. Anali atakwera pa benchi ya m'dimba, ndi chiuno chawo chovutacho, dzanja limodzi litakweza kamakina m'mwamba. Ndinayembekezera kuti amalume achotsa phazi. Sanachotse. Tinadutsa pansi pa mpanda wawo womwe injini itatsegula kukhosi konse, matayala akulira, ine nditakanikizidwa kuchitseko, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni ndinasangalala kuti ndili kwathu.

Titangotuluka pakonayo anakweza dzanja lamanzere m'mwamba, chizindikiro chakuti akutuluka. Anachepetsa liwiro. Anayatsa indiketa. Anapatukira m'kanjira kotulukira, anaima mkati mwenimweni mwa mizere yoyera, n'kuzimitsa injini.

Zimene ndinanena ndinazinena m'Chitaliyana, ndipo ndi bwino choncho. Iwo anavula chipewa, makutu ali psuu. Anatuluka mwendo umodzi umodzi n'kupita kwa a Preben kukafunsa kuti mbendera yakuda inali kuti.

"Sindinamve kanthu ine," anatero a Preben.

"Unamva."

"Makutu anga anathera kumbuyo kwa magalimoto, Verner, ndiwe unandiika kumeneko. Bwerera m'bwalo, nthawi ikadalipo. Palibe akukuletsa."

"Inapitirira."

"Tikudziwa kuti inapitirira, chitsiru iwe. Bwerera."

Amalume anapukusa mutu. Ndinathamangira ku tenti kuti mwina tipeze sitiliwulu wina, ndipo mayi Bodil anali atatulutsa kale paketi yatsopano ija. Koma paipi inali yotentha moti sukanaiyandikira, waya unali utatayika, ndipo bowo ankakanabe. Choncho tinakhala pakhoma, ine, iwo ndi a Preben, kumvetsera anthu ena akumaliza nthawi yathu. Kagalimoto kabuluu kanatidutsa kangapo. Mbendera yomaliza itagwedezeka anthu anawomba m'manja, ambiri akulira poyera, chinthu chimene ku Skarlund sichichitika ngakhale kumanda. Mayi Bodil anabweretsa khofi. Pambali pa kapu ya amalume panali keke, kachidutswa ka kumapeto, kouma m'mbali. Anadya konse n'kunena zikomo.

Tinabwerera kunyumba pa liwiro la thirakitala.

Azakhali tinawapeza kukhitchini, atayala tebulo. M'makutu mwawo munali timakina tawo tothandiza kumva, timene amavala pa Khirisimasi ndi kwa dokotala basi chifukwa amati timawapweteketsa mutu. Sanadikire kuti tikhale pansi.

"Kamodzi kokha?" anatero. "Ndakwera pabenchi ndi chiuno chimenechi, ndakweza timakinati mpaka kumapeto, n'kukumva kamodzi kokha?"

Amalume anati inapitirira malire. Azakhali anati akudziwa, woyeza anali iwo. Amalume anakhala pansi, anatenga buledi, anayamba kupaka batala mosamala mpaka m'makona. Osakweza maso, anafunsa kuti kamakina koyezera kaja kanalemba bwanji.

"108."

Mpeni unaima. Ndinkaona makutu aja akufiiranso pang'onopang'ono kuyambira pansi.

"Ngakhale anyamata a ku Germany aja a magalimoto ofiira sanafikepo pamenepo," anatero motsitsa. Analuma buledi, anatafuna, n'kubwereza nambalayo okha ngati akuilawa. Kenako nkhope inasintha. Anafunsa azakhali kuti kamakinako anakagwira pamtunda wotani kuchokera pansi, chifukwa lamulo limanena za munthu woima pa udzu, osati pa benchi.

Azakhali anawayang'ana. Anachotsa kamakina ka khutu lakumanja, anachotsa ka lakumanzere, anatiika tonse m'kambale ka shuga, n'kudzithirira khofi.

Amalume anadzuka n'kutuluka. Pawindo ndinawaona atagwada m'dimba pafupi ndi benchi, dzuwa likulowa kuseri kwa bwalo limene linali zii, akutambasula rula.